Okavi wa Kunja kwa Mpanda

Okavi tinamuika m'manda masika apitawa, mbatatesi itangokumbidwa, nthaka isanaume ndi chisanu. Anthu anabwera ochepa, ndipo mwa ochepawo ambiri anatsatira phala. Womusambitsa ndinali ine Marpa, poti nyumba yanga ndi yake zagundana mpanda kuyambira tonse tili akazi atsopano pamudzi pano. Ana a masiku ano ankangomudziwa ngati gogo wa atsekwe, wosalankhula, woyenda ndi masipuni atatu a mtengo m'thumba la epuloni. Ena ankati mutu wake sukoka. Unkakoka bwino, kuposa mitu ya onenawo, ndipo n'chifukwa chake ndati ndifotokoze za iye ndisanamutsatire.

Anachokera kutsidya kwa mtsinje kudzakwatiwa ndi Yamet. Anali wamfupi, wa manja akuluakulu, woseka mpaka agalu kuuwa. Koma chimene tinamudziwa nacho msanga chinali ukhondo. Mkazi ameneyu ankapala matabwa a pansi ndi mpeni mpaka kuyera, ankatsuka zitseko, ankatsuka ngakhale mwala wopanikizira kabichi mumgolo. Tsiku lina ndinamupeza akupukuta mpini wa khasu ndi nsanza yonyowa.

"Iwe Okavi, ukamaliza pamenepo ubwere udzanditsukire madzi a m'chitsime," ndinatero.

"Ndiyamba ndatsuka pakamwa pakopo, Marpa. Pamenepo ndiye pali ntchito," anandiyankha.

Yamet anabwera kuchokera kunkhondo ali ndi manja onse ndi miyendo yonse, chimene chinali chosowa masiku amenewo, koma makutu anawasiya komweko. Ankamva pokhapokha ukamukuwira pafupi. Anabereka ana awiri. Woyamba anali Unavi, mtsikana wa maso akuthwa, ndipo womutsatira anali Epanai, kamnyamata ka masaya onenepa kokonda kukwera pamsana pa bambo ake.

Msitu wathu wa nsembe uli pachitunda, kuseri kwa minda ya balere, wozingidwa ndi mpanda wa mitengo. M'menemo suthyola kanthambi, sulavula, sutukwana ngakhale mavu akulume. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, mudzi wonse umasamba m'bafa la nthunzi, n'kuvala zoyera, n'kukwera kumeneko kukathokoza Mulungu wathu, Yumo Wamkulu, ndi buledi wa ufa watsopano, mikate, uchi ndi atsekwe. Boma linkaletsa zimenezi, koma kapitawo wa famu ya boma anali mwana wa pamudzi pomwe pano, ndipo chaka chilichonse dzino linkamuwawa tsiku lomwelo, n'kugona atatseka mawindo.

Kenaka anatibweretsera kapitawo wina wochokera kutali, wa mano abwinobwino. Iyeyo ankafuna mitanda ya khola la ng'ombe, ndipo anaona kuti mitengo yowongoka ili pafupi, pachitunda. Mphekesera inayenda kuti mawa afuna amuna a nkhwangwa. Kutacha, amuna onse anali atasowa: wina m'dzenje la mbatatesi, wina pamwamba pa udzu m'khola, mwamuna wanga m'bafa ngati mkazi woyembekezera kuchira, poti kwathu kuno akazi amachirira m'menemo. Koma mphekesera imayenda monong'ona, ndipo Yamet sankamva zonong'ona. Okavi anali kwawo kutsidya, kwa mayi ake odwala. Kapitawo anamupeza Yamet pabwalo pake akuwaza nkhuni, nkhwangwa ili kale m'manja.

Anamuuza mokuwa, mudzi wonse ukumvera m'maenje momwe unabisala, kuti asankhe pakati pa kugwetsa mtengo wa m'msitu wa nsembe ndi kukwezedwa sitima ya kumpoto, kumene anthu sankabwerako. Yamet anayang'ana ana ake pakhonde, n'kunyamuka. Anagwetsa mtengo umodzi wokha, wa m'mphepete, umene tinkamangapo nsalu zopeta. Utagwa anakhala pachitsa n'kukana kudzukanso. Kapitawo, poona kuti palibe wina womuthandiza, anazisiya. Mtengowo unawolera pomwepo, ndipo palibe ng'ombe imene inapindula nawo.

Amuna aja atatuluka m'maenje mwawo anali ndi mawu ambiri. Aliyense ankadziwa bwino chimene akanachita iyeyo akanakhala Yamet. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima, ndipo mwamuna wanga ndinamukumbutsa za bafa lija mpaka tsiku limene anatsikira kulichete.

Yamet anayamba kutsokomola chipale chofewa cha nyengo ya chisanu chisanasungunuke, n'kumwalira balere asanache. Tikutuluka kumanda kwake komweko, Epanai anatsokomola. Kanali kachifuwa kakang'ono, kouma, koma azimayi onse anatembenuka.

Wansembe wathu nthawi imeneyo anali a Toktar, woweta njuchi, nkhalamba yofatsa ya mawondo owawa, yolira msanga kuposa ife akazi. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka. Anabwera okha kwa Okavi, chipewa chili m'manja, ine ndili pomwepo.

"Mwana wanga, mlandu wa nkhwangwa sufera limodzi ndi mwini wake. Umatsika ndi magazi. Iwe ndi anawa simungalowe m'msitu kapena kudya za m'miphika ya nsembe mpaka Yumo atakulandirani."

"Nanga atilandira bwanji tili kunja, agogo?"

"Ulonjeze tsekwe. Umulere padera. Masika ubwere naye pachipata, ine ndidzamuthira madzi pomwepo. Akadzikung'untha, basi, mlandu watha, ndipo mnyamatayu adzachira."

"Akapanda kudzikung'untha?"

A Toktar anayang'ana chipewa chawo. "Atsekwe onse amadzikung'untha, mwana wanga."

Ankanena zoona. Kwathu kuno nsembe iliyonse imayamba yafunsidwa. Wansembe amatunga madzi ozizira a pakasupe ndi chikho cha mtengo n'kuthira pamsana pa chiwetocho. Chikadzidzimuka n'kudzikung'untha, ndiye kuti Yumo wachigwira, wavomera. Amathira mpaka katatu, osapitirira. Nkhosa nthawi zina imachita mwano, koma tsekwe ndinali ndisanamuonepo akukana.

Okavi anasankha kamwana ka tsekwe koyera koposa tonse n'kukatsekera kuseri kwa nyumba, kumene diso la mlendo silifika, poti cholonjezedwa sachionetsa. Kudziwe la matope kumene atsekwe athu ankasambira sanakalole kupitako. Zimene ankachita nako kuseriko sitinkazidziwa, ndipo sitinkafunsa. Tinkangomuona m'mawa uliwonse akukwera kukasupe ndi ndowa, kusiya chitsime chili pakhomo.

Tsiku la nsembe linafika kunja kuli kowala, masamba atasanduka achikasu. Kwa ana tsiku limeneli ndiye chaka chonse. Amadzuka osadzutsidwa, amaba mikate yotentha n'kumenyedwa pamanja, amakangana kuti kandulo ya phula anyamule ndani. Kwa Okavi kunalinso chimodzimodzi. Unavi anavala diresi loyera lopetedwa ndi ulusi wofiira pachifuwa, atanyamula buledi pansalu. Epanai anagwira kandulo ndi manja awiri. Ndinkayenda pambuyo pawo, ndiye ndinamva akufunsa.

"Amayi, mtima wa tsekwe adya ndani?"

"Iweyo, ngati usiya kupukutira mamina pamalaya."

"Nanga Unavi?"

"Unavi adya phiko, auluke akakwatiwe kutali, ife tipume."

Atsekwe athu anafunsidwa poyamba, mkati. Wanga anali wonunkha thope, wothothoka nthenga pakhosi, ndipo madzi asanamukhudze bwino anali atanyowetsa kale anthu. Kenaka a Toktar anatsikira kuchipata ndi chikho, mudzi wonse uli pambuyo pawo. Okavi anatulutsa tsekwe wake mudengu. Mbalame yoyera chotero inali isanafikepo pachitunda chimenechi. Ngakhale kumapazi kwake kunalibe kachitsotso.

A Toktar anapemphera, n'kuthira. Madzi anatsetsereka pamsana n'kugwera pansi. Tsekwe anatambasula khosi pang'ono, n'kutsinzina. Anathiranso. Tsekwe anangoima phee. Pothira kachitatu, tsekwe anapendeketsa mutu ngati akupempha ena.

"Chaka chamawa, mwana wanga," anatero a Toktar, misozi ili m'ndevu.

Tinabwerera mkati. Miphika inawira, fungo la nyama ndi phala la balere linadzaza msitu, ana athu anadya mpaka mimba kuwala, mafupa ndi nthenga tinaponya pamoto monga mwa mwambo. Okavi sanapite kunyumba. Anayala nsalu kunja kwa mpanda, pafupi ndi chitsa chija, n'kukhala ndi ana ake kumadya mikate yozizira. Masipuni atatu amene anabwera nawo anali pansalupo, ouma. Chakudya cha m'miphika ya nsembe sichidumpha mpanda. Ine ndinadya nditawapatsa msana.

Pobwerera, ana a pamudzi anali atapeza kale chowaimba: ana a nkhwangwa, ana a nkhwangwa. Wanga ndinamukoka khutu mpaka kunyumba, koma makutu a mudzi wonse sindikanatha kuwakoka.

Tsekwe wokanidwa sadyedwa, amangomusiya akalambe. Okavi analera wina. Anati mwina woyamba uja sanamusamale mokwanira, ndiye wachiwiriyu ankamudyetsa balere wosankha ndi manja, pamene iye ndi ana ankadya mbatatesi yokhayokha. Masika atafika zinachitika zomwe zija. Tsekwe anatsinzina, a Toktar analira, ife tinadya.

Kuyambira pamenepo anthu anasiya kubwereka sefa kwa Okavi. Palibe amene anamutukwana. Kwathu kuno munthu sitimutukwana, timangowoloka msewu tikamuona. Kuseka kwake kuja kunatha, koma kutsuka kunawonjezeka, mpaka manja anang'ambika m'zala. Masaya a Epanai analowa mkati. Ankatsokomola mpaka ine kumamva ndili m'nyumba mwanga, zitseko zotseka.

"Pita naye kuchipatala kutauni," ndinamuuza tsiku lina tili pachitsime.

"Yamet anapitako. Anabwera ndi botolo la madzi ofiira. Unaona mmene linamuthandizira."

"Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala. Akuti tsopano aliko."

"Ochotsa nkhwangwa m'magazi? Marpa, ukakhala ulibe chonena uzingotunga madzi."

Ndinatunga madzi. Nanenso pansi pa mtima ndinkakhulupirira zomwezo, ndinene zoona, ndipo ndikukhulupirirabe zambiri mwa izo.

Masika achitatu kunagwa mvula yowaza. Epanai sanathe kukwera chitunda, ndiye Okavi anamubereka kumsana, mnyamata wamkulu kale, miyendo ikulendewera. Dengu la tsekwe ananyamula Unavi. Za mtima ndi phiko panalibenso wofunsa. A Toktar anathira kamodzi, kawiri, katatu, ndipo mbalame yokongolayo inaima ngati yosema.

Ine ndinalephera kupirira. Ndinasendera pafupi ndi nkhalamba.

"Thiraninso, agogo. Kasupe sauma ndi chikho chimodzi."

"Mwambo ndi katatu, Marpa."

"Ndiye mutsineni pansi pa phiko. Aona ndani?"

"Aona amene tikumufunsayo."

Unavi anatula dengu pansi. Anali atasinkhuka, watalitali ngati bambo ake, ndipo analankhula mosakweza mawu.

"Agogo, bambo anga akanakana, bwenzi atapita kumpoto. Ndiye ifeyo akanatidyetsa ndani? Amene anabisala m'maenje aja alowa mkatimo kukadya."

Okavi anamutseka pakamwa ndi dzanja, poti pafupi ndi msitu sipayankhulidwa zaukali. Amuna ena anapeza chochita ndi nsapato zawo. Ndi nthawi imeneyo pamene Epanai anatsokomola kumsana kuja, ndipo paphewa pa diresi loyera la mayi ake panaoneka magazi. Okavi anapotoloza khosi n'kuwayang'ana. Kanali koyamba kumuona akuyang'ana banga osalipukuta.

Pali njira yakale imene amayi amachita ana akamadwaladwala. Mwana amamutulutsira pawindo kwa munthu wina, wogulayo amapereka buledi n'kumutcha dzina latsopano. Chimene chikumusakacho chikabwera, chimapeza kuti m'nyumbamo mulibe mwana wa dzina limenelo. Kawirikawiri mwanayo amangozungulira nyumba n'kulowanso pakhomo, anthu n'kuseka. Koma Okavi anati Yumo si kamzimu ka kuseri kwa ng'anjo koti n'kukapusitsa ndi kuzungulira nyumba. Anati akagulitsa agulitsadi, onse awiri, poti magazi ndi amodzi.

Anatumiza mawu kwa mlamu wake Orina, mchemwali wa Yamet, amene anakwatiwa ndi Mrasha kutauni ndipo analibe mwana. Orina anabwera pangolo m'mawa wina, madzi a m'mitsuko atayamba kuundana pamwamba ndi chisanu. Okavi anandiitana ine kuti ndikhale mboni. Ndinakana, kenaka ndinapita, poti panalibenso wina amene akanalowa m'nyumba imeneyo.

Orina anaima panja, pansi pa windo, atavala chijasi cha kutauni.

"Muli ndi chogulitsa m'nyumba muno?"

"Ndili nacho," anatero Okavi.

"N'chiyani?"

"Ana awiri. Si anga, ndinangowatola panjira."

Mawu amenewa ndi a mwambo, aliyense amawadziwa. Koma mwambo unapangidwira makanda amene samva kanthu. Unavi anamva.

"Amayi, mukunama."

"Khala chete."

"Nenani kuti mukunama."

Epanai anadutsa pawindo mosavuta, anali wopepuka ngati mtolo wa zovala. Unavi anagwira thabwa la windo ndi manja onse. Okavi anamuchotsa zala chimodzichimodzi, ndi manja ake ong'ambika aja, nkhope ili gwa. Orina anawalandira n'kunena mokweza kuti uyu ndi Nina, uyu ndi Pavel. Kenaka analowetsa mtanda wa buledi pawindo pomwepo.

Mwambo umati wogulitsa adye bulediyo yense, asasiye nyenyeswa, ndipo asayankhe akaitanidwa. Ngolo inanyamuka. Mnyamata anaitana mayi ake mpaka pamlatho, akutsokomola pakati. Okavi anaima pakati pa nyumba, atapatsa windo msana, akutafuna. Buledi wa kutauni ndi wouma. Ine ndinkamupatsira madzi, ndipo anamumaliza.

Chisanu chimenecho nyumba ya Okavi inada. Ndinkalowamo ndi phala n'kupeza mbale za dzana zili patebulo, phulusa lili mbwee pansi, mwini wake atakhala pabenchi manja ali pamiyendo. Chipale chitasungunuka anatsegula chipata cha kuseri, atsekwe onse n'kupita kudziwe kukasakanikirana ndi athu. Kukasupe sanakwerenso. Ntchito ya kufamu ankapita chifukwa choti kusapita kunali mlandu.

Masika atafika ndinapita kukamutenga.

"Vala zoyera, tiye."

"Ndikatani? Ndilibenso womupempherera."

"Ali moyo, si choncho? Ndiye womupempherera uli naye. Dzuka, usandichititse kutukwana tsiku la nsembe."

Analibe tsekwe wolera padera. Podutsa padziwe anangogwira woyamba kumufikira, wotuwa ndi matope, n'kumupanira m'khwapa. Pachipata a Toktar anayang'ana mbalameyo, n'kuyang'ana mwini wake. Anathira chikho choyamba. Tsekwe analira, n'kutambasula mapiko, n'kudzikung'untha mwamphamvu mpaka thope linagwera m'ndevu za wansembe.

"Walandira," anatero a Toktar. "Lowa, mwana wanga. Lowa."

Azimayi anamugwira manja, omwe aja owoloka msewu. Wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti mwaona, nkhwangwa inali mwa anawo, achoka basi zayera. Pofika kumiphika mawu amenewo anali atazungulira msitu wonse, ndipo anthu anawalandira mosangalala, poti ankamasula aliyense. Okavi anakhala pansi pakati pathu. Anapisa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa masipuni atatu. Anali atawatenga mosadziwa, mwa chizolowezi. Anadya ndi imodzi, nkhope itayera ngati ufa, ndipo ine ndinkaganiza kuti ndi chimwemwe chamudabwitsa.

Mnyamata uja anachira. Orina anamugoneka m'chipatala nyengo yonse ya chisanu, madokotala anamubaya majekeseni, ndipo anatuluka. Kuno anthu anati windo lagwira ntchito. Anakula n'kukhala woyendetsa sitima kutali kum'mawa, ndipo chilankhulo chathu anachiiwala. Anabwera kamodzi ndi mkazi wake. Anamupatsa moni Okavi mwaulemu, m'Chirasha, n'kumutchula kuti azakhali, poti ndi mmene anamuphunzitsira. Okavi anavomera. Dzina loti Epanai silinatulukenso pakamwa pake.

Mtsikana sanaiwale kalikonse, ndipo zimenezo zinali zoipa koposa. Anabwera masika ena ali mayi wamkulu, tsitsi lodula, milomo yopaka. Anatiperekeza mpaka pachitunda, koma pachipata anaima. Okavi anamupempha.

"Nina, lowa. Tsopano n'kololedwa."

"Pitani inu, azakhali. Malo anga ndi kuno, ndinawazolowera."

Anakhala pamene panali chitsa paja mpaka tinamaliza, ndipo m'mawa mwake anakwera basi. Pamaliro sanabwere, ngakhale mlongo wake.

Zaka zinapita. Kapitawo wa mano uja anachoka, a Toktar anamwalira, famu inagwa, boma linasiya kuletsa nsembe, ndipo tsopano kumabwera anthu a makamera kudzatijambula tikudya. Okavi ankaweta atsekwe ake, akuda ngati a wina aliyense, ndipo chaka chilichonse ankadzikung'untha pa chikho choyamba. Ukhondo uja sunabwererenso wonse. Ankasesa monga timasesera tonse.

Masika ake omaliza tinali titakhala pakhonde pake masana, tikusenda mbatatesi, ana a anthu akudutsa mumsewu ndi makandulo awo a phula okonzekera mawa. Anawayang'ana mpaka anakhota. Kenaka anayamba yekha nkhani imene tinali tisanaikambepo.

"Atsekwe atatu aja ndinawalera ngati makanda, Marpa. Ndinkati chopita kwa Yumo chisakhale ndi kachitsotso. M'mawa uliwonse ndinkakatunga madzi kukasupe komwe kuja, n'kuwasambitsa ndi chikho, kuyambira ali tianapiye. Poyamba ankalira. Kenaka anazolowera. Akangoona chikho ankabwera okha, n'kutambasula khosi, n'kutsinzina."

Mpeni unandigwa m'manja. Ndinaona tsekwe woyamba uja pachipata, atapendeketsa mutu, akupempha madzi ena.

"Okavi," ndinatero. "Madzi a kasupe yemweyo? Ndi chikho? Ndiye kuti mbalame zija sizinkakana ayi, zinali zitango..."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa?"

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija, wa matope uja atadzikung'untha. Thope lisanagwe n'komwe m'ndevu za a Toktar ndinali nditadziwa."

Ndinapsa mtima ngati kuti zachitika dzulo.

"Ndiye bwanji sunanene? Bwanji sunakwere ngolo tsiku lomwelo kukawatenga? Panali patangopita chaka chimodzi chokha, mkazi iwe."

"Ndinafika mpaka pamlatho," anatero, akusendabe. "Kenaka ndinaganiza kuti mwana wasiya kutsokomola. Mwina ndi majekeseni, mwina ndi windo. Ukudziwa iwe kuti ndi chiti? Ine sindinkadziwa. Ndikanamulowetsa pakhomo n'kumuitana dzina lake, iye n'kuyambiranso, ukanandiuza chiyani? Ndinabwerera."

Anaponya mbatatesi m'ndowa n'kutenga ina.

"Usakauze anthu ndili moyo. Ndipo ineyo usandiuzenso. Masiku ambiri ndimakhulupirira kuti Yumo anakwiyadi, kuti ndinachita zoyenera, kuti ndinawapulumutsa. Ameneyo ndimatha kumusenza. Koma ngati anali madzi chabe, ndiye kuti ana anga ndinawatulutsa pawindo chifukwa chosambitsa mbalame. Ndisiyire Mulungu wanga wokwiyayo, Marpa."

Ndinamusiyira. M'mawa mwake tinakwera limodzi kuchitunda, pang'onopang'ono, tikupuma panjira, ndipo tsekwe wake analandiridwa.

Pomusambitsa ndinapeza masipuni aja m'thumba la epuloni. Imodzi inali yakuda, yoperepeseka m'mphepete ndi mano. Awiri enawo anali oyera, opalidwa bwino ndi mpeni, ngati osemedwa dzulo. M'nyumba monse ndi zinthu zokhazo zimene sanasiye kutsuka. Ndinamuikira onse atatu m'bokosi.